Phunziro: Woseketsa anthu uja anadzipheranji?

Kuwerenga kwathu: 1 Mafumu 19:1-18

Phunziro la ulendo uno labadwa pa kamkangano kamene kanabuka pakati pathu tsiku lina titamaliza mapemphero a pakati pa sabata, tikupinda nsalu za pa guwa. Mmodzi wa ife anatisimbira kuti usiku wa dzulo lake ankaonera kanema ndi zidzukulu zake, filimu yakale ija ya Mrs. Doubtfire, yonena za bambo amene ukwati wake utatha anadziveka ngati gogo wamkazi n'kukalowa ntchito ya m'nyumba kwa mkazi wake wakale, n'cholinga choti aziona ana ake. Ana aja anaseka mpaka kugwira nthiti. Filimu itatha, mdzukulu wamkulu, amene ali ku sekondale, anangoti, "Agogo, kodi mukudziwa kuti bambo oseketsawa anadzipha?" Mayiyo anati usiku umenewo tulo sitinabwere.

Asanamalize n'komwe kufotokoza, mayi wina wachikulire, amene tonse timangowatchula kuti agogo, anati, "Munthu wa ndalama ngati ameneyo angavutike ndi chiyani? Nyumba anali nayo, chakudya sankasowa. Ife tinadutsa m'njala ya 2002, tinaika ana m'manda, koma maganizo otero sanatibwerere. Kumeneko n'kusayamika basi." Wina anati imeneyo ndi ntchito ya Satana, ndipo akanakhala munthu wopemphera sizikanachitika. Wachitatu, amene anagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri asanapume, anapukusa mutu nati, "Ayi amayi, amenewo ndi matenda, ngati shuga kapena BP. Kodi mumamudzudzula munthu chifukwa chodwala shuga?" Tinabalalika osagwirizana chimodzi. Ine ndinangokhala chete tsikulo, poti pa mayankho atatuwa panalibe limene linandifika pamtima, ndipo ndinaona kuti ndi bwino ndiyambe ndafufuza kaye.

Mwina wina afunsa kuti tikutayiranji nthawi ndi maliro a ku America. Chifukwa chake n'chakuti za munthu wakutali timalankhula momasuka zimene sitingayerekeze kulankhula za mwana wa mnzathu woyandikana naye nyumba. Komatu zimene timanena za wakutaliyo ndi zomwezo zimene tasunga mumtima za wapafupi. Ndiponso pamene tikulankhula, pamakhala wina pamkeka pomwepo amene akutchera khutu kuti adziwe ngati angatiululire zake.

Munthuyo anali ndani

Dzina lake anali Robin Williams. Anabadwira mumzinda wa Chicago m'chaka cha 1951, ndipo anakulira mu mpingo wa Episcopal, umene ndi mpingo wathu womwewu wa Anglican monga umatchedwera ku America. Izi sizikutiuza kanthu za mapemphero ake a m'chipinda, amene amawadziwa ndi Mulungu yekha, koma zikutikumbutsa kuti sitikukamba za munthu wachilendo kwenikweni. Filimu ya Mrs. Doubtfire inatuluka mu 1993. Mu 1998 analandira mphotho ya Oscar chifukwa cha filimu ya Good Will Hunting, mmene anasewera ngati mlangizi wothandiza mnyamata amene anazunzidwa ali mwana. Mavuto ake sankawabisa. Ali mnyamata anakodwa mu mowa ndi mankhwala osokoneza bongo, anasiya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anakhala zaka pafupifupi 20 osamwa, kenaka anayambiranso mu 2003 ndipo mu 2006 anapita kukalandira chithandizo. Mu 2009 anachitidwa opaleshoni ya mtima. Anamwalira pa 11 Ogasiti 2014 kunyumba kwake pafupi ndi Tiburon, ku California, ali ndi zaka 63, kusiya mkazi ndi ana atatu. Tsiku lomwelo womulankhulira anauza atolankhani kuti bamboyo ankalimbana ndi matenda aakulu ovutika maganizo, amene madokotala amawatchula kuti depression.

Mkangano umene unatsatira kumeneko sunasiyane ndi wathu wa pa guwa uja. Wowerenga nkhani wina wa pa wailesi ya kanema ya Fox News, Shepard Smith, anamunena malemuyo kuti ndi wamantha, ndipo anthu atakwiya anapepesa. Wolemba wina wachikhristu, Matt Walsh, anati bamboyo sanafe ndi matenda koma ndi chimene anasankha yekha. Ena anayankha mokalipa kuti pa matenda amenewa palibe kusankha kulikonse. Mwana wake wamkazi, Zelda, analandira mauthenga achipongwe ali pa maliro a bambo ake mpaka anachoka kaye pa Twitter. Aliyense anali ndi yankho, zotsatira za kupima thupi zisanatuluke n'komwe.

Patapita masiku atatu, mkazi wake, Susan Schneider Williams, anaulula kuti mwamuna wakeyo anali atauzidwa kuti ali ndi matenda a Parkinson, aja onjenjemeretsa manja, ndiponso kuti sanali atayambiranso kumwa. Koma nkhani inasinthiratu mu Novembala 2014, pamene zotsatira za kupima thupi zinatuluka. M'magazi munalibe mowa kapena mankhwala osokoneza bongo. M'bongo ndi mmene anapeza vuto limene madokotala ake sanalizindikire iye ali moyo: matenda otchedwa Lewy body dementia, amene timibulu ta puloteni timaunjikana m'timitsempha ta m'bongo n'kumasokoneza kukumbukira, tulo, kayendedwe ndi maganizo, mpaka kumuchititsa munthu mantha osadziwika chiyambi chake. Mu 2016 mkazi wakeyo analemba m'magazini ya madokotala a ubongo yotchedwa Neurology, kufotokoza za miyezi yomaliza: kusowa tulo, kunjenjemera kwa dzanja lamanzere, nkhawa yosatha, ndi kulephera kuloweza mawu ochepa a mu filimu, munthu amene kale ankaloweza masamba ambirimbiri mosavuta. Iye ananena kuti kuvutika maganizo kunali chizindikiro chimodzi chabe mwa zizindikiro zambiri za matendawo.

Taonani tsono, amayi. Agogo aja sanalondole, mnzathu wa za Satana uja sanalondole, ndipo ngakhale namwino wathu, amene anayandikira kwambiri, sanafike pa tsinde penipeni. Mkazi wogona naye nyumba imodzi, ndi madokotala odziwa ntchito, sanadziwe chimene chinkachitika m'mutu mwa munthuyo kufikira atamwalira. Nanga ife, amene timamva nkhani ya maliro pa chitsime kapena kuchigayo, timadziwa zochuluka bwanji tikamagamula kuti wakutiwakuti wadzipha chifukwa cha mkazi wake, kapena chifukwa chosapemphera?

Apa gulu liyime kaye ndi kukambirana: pa maliro otere amene munapitako, anthu ankati chifukwa chake n'chiyani? Ankadziwa bwanji? Ndani anasenzetsedwa mlandu?

Nanga matendawa ndi otani

Kukhumudwa n'kwa aliyense. Mayi amene waferedwa mwamuna amalira, amasowa tulo, nsima siilowa, ndipo amenewo si matenda koma chisoni, chimene chimapita chichepa pamene abale akumuzungulira. Matenda ovutika maganizo ndi ena. Madokotala amawaganizira ngati munthu wakhala masabata awiri kapena kuposerapo, pafupifupi tsiku lililonse, ali wosweka mtima kapena wosakondwa ndi chilichonse chimene kale chinkamusangalatsa, kuphatikizapo zina monga kusowa tulo kapena kugona mopitirira, kusafuna kudya, kufooka kwa thupi lonse, kulephera kuganiza bwino, kudziona ngati wachabechabe kapena wolakwa pa zonse, ndi kuganizira za imfa. Kwathu kuno munthu wotere kawirikawiri sanena kuti ndakhumudwa. Amati mutu ukundilemera, mtima ukuthamanga, m'thupi monse mukuphwanya, ndikuganiza kwambiri. Amapimitsa malungo kangapo osawapeza. Ife timangoti wayamba ulesi, kapena wayamba kunyada poti sakubweranso ku mapemphero.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 280 miliyoni anali ndi matendawa, ndipo amagwira amayi kwambiri kuposa abambo. Mwa amayi oyembekezera ndi amene angobereka kumene, oposa mmodzi pa 10 alionse amawadwala. Bungwe lomweli likuti chaka chilichonse anthu oposa 700,000 amadzipha, ndipo oposa 70 pa 100 alionse mwa iwowa ndi a m'mayiko osauka ndi apakatikati. Choncho mawu akuti awa ndi matenda a azungu olemera alibe poimira. Umphawi, ngongole, nkhanza za m'banja, kuzunzidwa uli mwana, matenda okhalitsa, mowa, zonsezi zimawonjezera chiopsezo, ndipo m'mabanja ena matendawa amayenda m'magazi. Ndalama zingachotse zina mwa zifukwazi koma sizitseka khomo, monga momwe sizitsekera khomo la khansa. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale odwala ambiri ndi amayi, odzipha ambiri ndi abambo, ndipo malipoti a apolisi kuno ku Malawi amaonetsa zomwezo chaka ndi chaka. Amuna athu ndi ana athu aamuna tinawaphunzitsa tokha kuti mwamuna salira.

Pali mfundo ina imene namwino wathu ayenera kundikhululukira. Kwa zaka zambiri anthu ankauzidwa kuti matendawa amabwera chifukwa cha kuchepa kwa kanthu kena m'bongo kotchedwa serotonin, monga momwe shuga amabwerera chifukwa cha vuto la insulin. Mu 2022 akatswiri ena, motsogozedwa ndi Joanna Moncrieff wa ku University College London, anaunikanso kafukufuku wa zaka zambiri n'kunena kuti palibe umboni wokwanira wa zimenezi. Akatswiri anzawo ena anatsutsa mmene anaunikira, ndipo ambiri anati iwo anasiya kale kufotokoza matendawa mophweka chonchi. Anthu ena atamva anathamangira kunena kuti basi, ndiye kuti si matenda, mankhwala aja ndi bodza. Kumeneko n'kudumpha. Mu 2018 magazini ya The Lancet inafalitsa kuunika kwa kafukufuku 522 wa mitundu 21 ya mankhwalawa, ndipo anapeza kuti yonse imathandiza kuposa mapiritsi opanda mankhwala, ngakhale kuti kusiyanako nthawi zambiri si kwakukulu. Panado amaletsa mutu, koma palibe amene amati mutu umawawa chifukwa m'thupi mwasowa Panado. Chimodzimodzi apa: mankhwala angathandize ngakhale chiyambi cha matenda sichinamveke chonse.

Ine ndikuona chonchi. Kuyerekeza ndi shuga n'kothandiza pochotsa manyazi, koma n'koperewera, chifukwa matendawa amakhudza thupi, moyo wa munthu pakati pa anzake, ndi mzimu womwe, zonse pamodzi. Mayi amene akumenyedwa usiku uliwonse sangachire ndi mapiritsi okha. Koma mayi amene wagona miyezi itatu osatha kudzuka kukasamba sangachirenso ndi mawu akuti limba mtima. Tikamuuza kuti angolimba mtima, tikumutuma kuti agwire ntchito ndi chiwalo chomwecho chimene chadwala.

Ndipo pa funso la kusankha lija, inde dzanja ndi la munthuyo. Koma matendawa amasintha mmene munthu akuonera zinthu. Amene anapulumuka amafotokoza kuti pa nthawiyo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti ndi mtolo kwa abale awo, kuti ana awo adzakhala bwino iwo kulibe. Limeneli ndi bodza, koma kwa iwo linkaoneka ngati choonadi chenicheni. Amene timamutcha wodzikonda nthawi zambiri amakhala atasiyiratu kudziwerengera.

Eliya pansi pa kamtengo

Tiyeni tsopano ku mawu amene tawerenga. Eliya sanali munthu wochepa chikhulupiriro. Mu chaputala 18 waima yekha pa phiri la Karimeli pamaso pa aneneri a Baala 450, wapemphera moto n'kutsika, wapemphera mvula n'kugwa patatha zaka za chilala. Koma uthenga umodzi woopseza wochokera kwa Yezebeli ukumuthawitsa mpaka ku Beereseba. Kumeneko akusiya mnyamata wake, akulowa yekha m'chipululu ulendo wa tsiku lathunthu, akukhala pansi pa kamtengo n'kupempha Mulungu kuti amuchotsere moyo. Sitinganene kuti Eliya ankadwala matenda akutiakuti, poti Baibulo si buku la kuchipatala. Onaninso kuti iye sanadzivulaze, koma anatula pempho lakelo kwa Mulungu. Komabe zizindikiro zake tikuzidziwa: kudzipatula, kutopa, kudziona wopanda pake, kulakalaka imfa.

Chimene ndikufuna tichione bwino ndi ndondomeko imene Mulungu anatsata. Sanayambe ndi ulaliki. Sanamufunse kuti chikhulupiriro cha pa Karimeli chija chapita kuti. Anamusiya agone. Kenaka mngelo anamukhudza, anamupatsa mkate wootcha pa makala ndi madzi. Eliya anadya n'kugonanso, ndipo mngelo anabweranso kachiwiri ndi chakudya, chifukwa ulendo unali wautali. Thupi linayamba kusamalidwa mawu asanabwere. Ife amayi, amene timadziwa kuphika phala la wodwala, pamenepa sitiyenera kuphunzitsidwa ndi wina.

Atafika ku Horebu patatha masiku 40, Mulungu anamufunsa chimene ankachita kumeneko, ndipo anamulola kukhuthula madandaulo ake onse. Inadutsa mphepo, chinadutsa chivomezi, unadutsa moto, kenaka mawu a kayaziyazi, ndipo funso linabweranso lomwe lija. Eliya anabwereza madandaulo omwe aja, osasintha. Mulungu anamvetseranso. Amene munakhalapo ndi munthu wovutika maganizo mukudziwa mmene zimatopetsera kumva nkhani imodzimodziyo kachiwiri ndi kachitatu, ndi mmene lilime limayabwira kufuna kunena kuti zimenezo mwanena kale.

Tsono onani bodza lija. Eliya akuumirira kuti watsala yekha. Komatu mu chaputala 18 Obadiya anali atamuuza pamaso kuti anabisa aneneri a Yehova 100 m'mapanga n'kumawadyetsa. Eliya ankadziwa zimenezi, koma mdima unamuiwalitsa. Mulungu anamukonza pamapeto penipeni, pomuuza za anthu 7,000 amene sanagwadire Baala, ndipo sanalekere pa mawu okha: anamupatsa ntchito yoti achite, ndi Elisa woti aziyenda naye.

Eliya sali yekha m'Malemba. Yobu anatemberera tsiku limene anabadwa, ndipo anzake atatu anamuthandiza kwambiri masiku 7 amene anakhala naye chete kuposa pamene anatsegula pakamwa kufufuza tchimo lake. Salimo 88 limayamba ndi kulira n'kutha ndi mdima, popanda mawu otonthoza kumapeto, koma linasungidwa m'buku la mapemphero a anthu a Mulungu. Kodi Satana alipo? Alipo ndithu, ndipo ndi tate wa mabodza. Koma mwana akadwala malungo timapemphera uku tikuthamanga naye ku chipatala, ndipo palibe amene amati tachepa chikhulupiriro.

Mmene mpingo wayendera pa nkhaniyi

Tisabise, mpingo unakhala wouma mtima pa nkhaniyi kwa zaka mazana ambiri. Augustine Woyera, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, anaphunzitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 400 kuti lamulo loletsa kupha likukhudzanso kudzipha. Chiphunzitso chakuti moyo ndi wa Mulungu ndipo si wathu woti tiutaye chikadali choona, ndipo phunziro lino silikuchichotsa. Koma pa chiphunzitsocho anthu anamangapo zilango zogwera mtembo ndi ofedwa. Buku la mapemphero la mpingo wa ku England la 1662 linaletsa kuchita mwambo wa maliro kwa munthu wodzipha. Kufikira 1823 anthu otere ku England ankatha kuikidwa pa mphambano za misewu, ndipo kudzipha kunali mlandu m'malamulo a dzikolo mpaka 1961. Mu 2015 Sinodi yaikulu ya mpingo wa ku England inavomereza kuti lamulo la maliro lisinthidwe, ndipo mu 2017 linasinthidwadi kuti wodzipha aziikidwa ndi mwambo wonse ngati mkhristu wina aliyense. Malamulo a ku England si amene amatilamulira kuno, ndipo za kayendetsedwe ka maliro m'maparishi mwathu ndi za ansembe ndi a Bishopu. Koma kuphika pa siwa, kugona ndi ofedwa, kubwereranso patatha mwezi anthu onse atabalalika, zimenezo ndi zathu, ndipo palibe lamulo limene limatiletsa. Mfumu Sauli atafa ndi dzanja lake pa phiri la Giliboa, amuna a ku Yabesi Gileadi anayenda usiku wonse kukatenga mtembo wake, anauika, nasala kudya masiku 7, ndipo Davide atamva anawadalitsa.

Pali wansembe wina wa mpingo wathu amene ndikufuna mumudziwe, Chad Varah. Mu 1935, atangoyamba utumiki ku Lincoln, maliro oyamba amene anatumidwa kukayendetsa anali a mtsikana wa zaka pafupifupi 14 amene anadzipha. Mtsikanayo anali atatha msinkhu, koma popeza panalibe amene anamulangiza, ataona zachilendo m'thupi mwake anaganiza kuti watenga matenda ochititsa manyazi, ndipo analibe womufunsa. Nkhaniyi sinachoke mumtima mwa wansembeyo. Mu 1953, ali pa tchalitchi cha St Stephen Walbrook ku London, analengeza nambala ya foni yoti aliyense woganiza zodzipha aziimba. Umo ndi mmene linayambira bungwe la Samaritans. Chimene chinamudabwitsa n'chakuti anthu ongodzipereka, amene ntchito yawo inali kupereka tiyi ndi kucheza ndi odikira pamzere, ankathandiza kwambiri moti ena ankabwerera kwawo osaonananso ndi wansembeyo. Anazindikira kuti chimene ambiri ankasowa ndi womvetsera, ndipo ntchitoyo anaisiya m'manja mwa odziperekawo. Amayi amene mumalangiza atsikana, nkhani ya mtsikana uja muisunge.

Pakamwa pathu ndi manja athu

Mmene timakambira za imfa zotere n'kofunika kuposa mmene timaganizira. Robin Williams atamwalira, nyuzi ndi mawailesi ambiri anafotokoza mwatsatanetsatane mmene anadziphera, ndipo bungwe lopereka mphotho za Oscar linatumiza uthenga woonetsa ngati imfayo yamumasula, umene akatswiri oteteza miyoyo anaudzudzula. Mu 2018 ofufuza a ku Columbia University anapeza kuti kuyambira Ogasiti mpaka Disembala 2014 odzipha ku America anachuluka ndi pafupifupi 10 pa 100 alionse kuposa mmene zinkayembekezekera, anthu oposa 1,800 owonjezera, makamaka abambo a zaka 30 mpaka 44. Ofufuzawo sananene kuti imfa zonsezo zinabwera chifukwa cha nkhaniyo, koma chenjezo lake n'lomveka. N'chifukwa chake m'phunziro lino sindinatchule njira imene bamboyo anatsata, ndipo ndikupempha kuti pokambirana musaitchule. Zithunzi za mitembo ndi makalata otsanzika zimene zimazungulira pa WhatsApp, zikafika pa foni yanu zithere pomwepo. Ndipo pa maliro tisamanene kuti wapumula ku mavuto ake, chifukwa pagulupo pali wina wotopa amene akufuna kupumula.

Koma kusafalitsa sikutanthauza kukhala chete kwa amene tikumudera nkhawa. Ambiri timaopa kuti tikamufunsa munthu ngati akuganiza zodzipha timupatsa nzeru yoipa. Kafukufuku waonetsa kuti sizili choncho. Funsani poyera, muli awiri, mwaulemu: "Achemwali, ndaona kuti mwasintha masiku ano. Kodi maganizo ofuna kudzichotsera moyo amakubwererani?" Akavomera, musadzidzimuke, musamulalikire za Gehena, ndiponso musalonjeze kuti musunga chinsinsi. Musamusiye yekha. Mankhwala a m'munda, a makoswe ndi mapiritsi achotsedwe m'nyumbamo, chifukwa nthawi yoopsa kwambiri kawirikawiri imakhala yaifupi, ndipo chida chikakhala kutali munthu amaidutsa. Dziko la Sri Lanka litaletsa mankhwala a m'munda oopsa kwambiri, chiwerengero cha odzipha chinatsika koposa theka kuchokera pamene chinali mu 1995. Mukatero muperekezeni ku chipatala, osangomutuma. Pa zipatala za boma za m'maboma pamakhala anamwino kapena madokotala a matenda a maganizo, ndipo pali chipatala chachikulu cha Zomba Mental Hospital komanso a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupita kumeneko sikutanthauza misala. Akapatsidwa mankhwala monga amitriptyline kapena fluoxetine, mumuuze kuti amatenga masabata angapo asanayambe kumveka m'thupi, ndipo asawasiye yekha atangoona kusintha. Mu Machitidwe 16, woyang'anira ndende wa ku Filipi atasolola lupanga, Paulo sanayambe ndi kumufotokozera chiphunzitso. Anafuula kumuletsa, n'kumutsimikizira kuti onse alipo. Za ubatizo zinabwera pambuyo pake usiku womwewo.

Mwina mukuti ife si madokotala. Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa cha m'ma 2006 ntchito yotchedwa Friendship Bench ku Mbare, mumzinda wa Harare. Anaphunzitsa agogo aakazi a m'deralo kukhala pa benchi kunja kwa chipatala, kumvetsera munthu, ndi kumuthandiza kusankha vuto limodzi loti ayambe nalo. Matendawa kumeneko amawatchula m'Chishona kuti kufungisisa, kumene ndi kuganiza kwambiri kwathu komweku. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti patatha miyezi 6, mwa amene anakhala pa benchi ndi agogowo, pafupifupi 14 pa 100 alionse ndi amene anali adakali ndi zizindikiro, poyerekeza ndi pafupifupi theka la amene analandira chithandizo cha masiku onse. Agogowo anachita kuphunzitsidwa, ndipo ankadziwa nthawi yotumiza munthu kwa dokotala. Gulu lililonse likambirane: ndani pa chipatala chathu chapafupi amene tingamuitane kuti adzatiphunzitse, mwina cha ku 10 Seputembala, tsiku limene dziko lonse limakumbukira za kupewa kudzipha? Ndipo m'kaundula wathu, ndi mayi uti amene wasowa miyezi iwiri ife osapita kukamuona?

Sabata yotsatira ndinawafotokozera amayi aja zimene ndinapeza. Namwino wathu sanakondwe ndi nkhani ya serotonin, ndipo tinakanganapo pang'ono. Agogo aja anamvetsera mpaka kumapeto manja ali pachibwano, kenaka anati, "Mwana wanga, pa za ndalama zija ine sindinasinthe kwenikweni. Koma mpongozi wanga chibadwire mwana uja sakuseka, sakutuluka m'nyumba, ndipo ine ndakhala ndikumunena kuti ndi waulesi. Kodi Loweruka mungandiperekeze?"